Dimba m'miyezi yotentha mvula ili pafupi: zizindikiro za mavuto ndi chochita

Kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika mu Disembala, madandaulo a alimi a ndiwo zamasamba ndi zipatso amakhala omwewo chaka ndi chaka. Matimati akufota, maluwa akuyoyoka, mpiru ukuwawa, mango akugwa ali ndi mphutsi. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuwonjezera madzi kapena kukagula mankhwala asanadziwe chavuta n'chiyani, ndipo ndalama zimapita vuto lili pomwepo. M'nyengo ino mavuto osiyana kwambiri amaoneka mofanana ukamayang'ana uli chiimire. Muyenera kugwada, kugwira dothi ndi kutembenuza tsamba. Pa chizindikiro chilichonse m'munsimu ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri, n'kutsiriza ndi chosowa.

## Musanagwire keni kapena sipuleya

- Yenderani dimba m'mawa dzuwa lisanakwere. Masana mbewu zonse zimaoneka zodwala.
- Pisani chala chonse m'dothi pafupi ndi tsinde. Pamwamba pakhoza kuuma pansi pali chinyezi, kapena kunyowa pansi pali gwa.
- Yang'anani kunsi kwa masamba, makamaka anthete. Tizilombo tambiri timabisala kumeneko.
- Zulani mbewu imodzi yodwala, musase dothi, muone mizu.

## Mbewu zikufota

1. Dzuwa chabe. Ngati zikufota masana koma madzulo kapena m'mawa zatsitsimuka, ndipo chala chikupeza chinyezi, musadandaule. Masamba aakulu monga a maungu amatero kukatentha. Phimbirani bedi ndi udzu wouma kapena mapesi, kuchindikala kwake masentimita 5, koma asakhudze tsinde.

2. Kuthirira kongonyowetsa pamwamba. Ili ndiye vuto lalikulu m'madimba othirira ndi keni. Munthu watopa, chitsime chaphwa, ndiye amangowaza pang'ono bedi lililonse kuti lioneke lakuda. Madziwo salowa, mizu imazolowera kukhala pamwamba, ndipo dzuwa la 11 koloko likafika imapsa. Mu Okutobala bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, lokhala ndi mbewu zazikulu, limatha kumwa makeni a malita 10 okwana 5 mpaka 7 pa tsiku, ndipo ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40, limamwa koposa apo. Ngati madzi ndi ochepa, ine ndimati siyani mabedi ena afe, muthirire mokwanira omwe mungathe. Mabedi anayi okhuta amabereka kuposa khumi a ludzu. Thirirani m'mamawa kapena madzulo, pansi pa mbewu, ndipo gaulani pang'ono dothi lomwe lachita chikhakha kuti madzi alowe.

3. Mizu yotupa. Mbewu ikakhala yopinimbira, yachikasu, yofota msanga ngakhale mwaithirira, zulani. Mukapeza mizu ili ndi timibulu totupa, ndi tinyongolotsi ta m'dothi tosaoneka ndi maso. Timakonda dothi lamchenga ndipo timazunza matimati, therere, mabiringanya, karoti ndi mapapaya. Musasokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba ndi mtedza: ito timakhala pambali pa muzu, timathothoka mukatipukuta, ndipo n'tothandiza. Mbewu yogwidwa kale ilibe mankhwala. Zulani ndi mizu yomwe, tenthani, ndipo pabedipo bzalani chimanga, anyezi kapena adyo. Manyowa owola bwino amachepetsa vutoli. Tengeru 97 ndi mtundu wa matimati womwe umapirirako.

4. Madzi achuluka. M'dambo la makande, mizu ikakhala m'madzi imabanika, mbewu n'kufota ngati ya ludzu. Mizu imakhala yakuda, yofewa, yonunkha. Lekani kuthirira ndipo tsegulani ngalande.

5. Chiswe. Tsinde limakhala lodyeka pansi, lokutidwa ndi dothi. Chimakonda mbewu zomwe zafooka kale ndi ludzu. Chotsani zitsa zouma m'dimba, thirirani mokwanira, wazani phulusa mozungulira.

6. Matenda ofotetsa a matimati. Awa ndi oopsa. Mbewu yathanzi, yobiriwira, imafota yonse m'masiku awiri kapena atatu osachita chikasu, ndipo sitsitsimukanso. Njira yotsimikizira ndi iyi. Dulani tsinde pafupi ndi dothi, mutenge kachidutswa kotalika ngati chala, mukaviike nsonga yake m'tambula yagalasi ya madzi oyera, osagwedeza. Dikirani mphindi zisanu. Mukaona timizere toyera tikutsika pang'onopang'ono kuchokera podulapo, madzi n'kuyamba kuchita mbuu, ndi mabakiteriya. Palibe mankhwala opopera omwe amachiza, ndipo wina akakuuzani kuti ali nawo musagule. Zulani mbewuyo pamodzi ndi dothi la pamizu, kaitentheni kutali, tsukani khasu ndi mpeni m'madzi a jiki. Madzi ochokera pabedi limenelo asayenderere ku mabedi ena. Musabzaleponso matimati, tsabola, mabiringanya, mbatata ya kachewere kapena fodya kwa zaka zosachepera 3. Rodade ndi mtundu womwe unapangidwa kuti uzipirira matendawa.

## Mbande zikufa ku nazale kapena zitangowokeredwa

- Zawola patsinde n'kugwa. Mwafesa mothithikana, mukuthirira kwambiri, kapena mthunzi wachuluka. Patulirani, thirirani m'mawa mokha, kwezani chisakasa cha udzu chifike mita imodzi kuti mphepo izidutsa. Nazale yotsatira ikhale pamalo atsopano, ndipo tenthanipo udzu wouma musanafese.
- Zauma tsiku lotsatira mutawokera. Sizinazolowere dzuwa. Kutatsala sabata kuti muwokere, chepetsani mthunzi ndi madzi pang'onopang'ono. Wokerani madzulo, mbande ili ndi dothi lake, ndipo thirirani nthawi yomweyo.
- Zadulidwa pansi usiku. Fukulani ndi chala mozungulira mbande yodulidwayo. Mupeza mbozi yotuwa itadzipinda. Ipheni. Mukapeza una wokhala ndi kamulu ka dothi, ndi nkhululu.
- Zapsa m'mbali mwa masamba. Feteleza kapena zitosi za nkhuku zosawola zakhudza mizu. Thirirani kwambiri kuti zisungunuke. Mukaona zoyera pamwamba pa dothi madzi akauma, ndiye kuti madzi anu ali ndi mchere, zomwe zimachitika m'madera ena a m'chigwa cha Shire.

## Masamba a matimati asintha

Timadontho tachikasu tambirimbiri, tsamba kutuwa, kenako ukonde. Ndi akangaude ofiira, mdani woyamba wa matimati m'nyengo youma ndi yotentha. Gwedezani tsamba pamwamba pa pepala loyera, muona tinthu tofiira tikuyenda. Kukatentha chonchi dzira limasanduka kangaude woikira mazira m'masiku osakwana 14, n'chifukwa chake bedi limatha kupsa lonse mukungoti muona mawa. Thotholani masamba akunsi ogwidwa kwambiri, aikeni m'thumba pomwepo, musayende nawo poyera. Tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu. Zulani mnadzi ndi zitsa za matimati akale, chifukwa ndimo amakhala. Muyambe ntchito ku mabedi abwino, mutsirizire odwala, popeza amakwera pa zovala. Chomwe ndikupemphani kwambiri n'chakuti musapopere cypermethrin. Amapha tizilombo todya akangaudewo, iwo n'kutsala akuswana mwaufulu. Ngati pafunika mankhwala, funsani a akangaude enieni monga abamectin, ndipo alowe kunsi kwa masamba.

Mawanga oyera oonekera, mkati muli kambozi ndi tindowe takuda. Ndi Tuta absoluta, kachilombo kochokera ku South America komwe kanafika ku Spain mu 2006 n'kufalikira m'maiko ambiri a mu Africa. Yang'anitsani tsamba padzuwa, muona kambozi kobiriwira pakati pa zikopa ziwiri za tsambalo. Kamabowolanso nsonga ndi zipatso, makamaka pansi pa kachipewa ka chipatso. Finyani timbozi, tenthani masamba ndi zipatso zogwidwa, ndipo musafese nazale pafupi ndi munda wakale wa matimati. Kachilomboka kamazolowera mankhwala msanga, choncho kubwereza amodzimodzi sabata ndi sabata n'kutaya ndalama. Mlangizi akuuzeni magulu a mankhwala osinthanitsa. Timizere topyapyala tokhotakhota ndi kachilombo kena, kosaopsa kwenikweni.

Masamba ang'onoang'ono, opindikira m'mwamba, achikasu m'mbali, mbewu yosakula. Ndi vairasi yofalitsidwa ndi ntchentche zoyera, zomwe zimauluka mukagwedeza mbewu. Zulani zogwidwazo msanga. Koma ngati masamba akunsi okha ndiwo apindika, ali obiriwira ndipo mbewu ikukula, ndi kutentha basi.

Mawanga akuda okhala ndi mizere yozungulira, kuyambira masamba akunsi. Ndi chiwawu, ndipo chimakula mvula ikayamba kuthovutsira dothi pamasamba. Zikani timitengo, mangirirani, chotsani masamba okhudza pansi, phimbirani. Dithane ndi mankhwala a kopa amateteza masamba abwino, sachiza omwe apsa kale. Kumalo okwera ndi ozizira monga Dedza, Tsangano ndi Bembeke, chiwawu china chothamanga kwambiri chimabwera ndi mvula ya nkhungu. Chimenecho chimadetsa tsinde ndi zipatso, ndipo mukachedwa masiku ochepa munda wapita.

## Maluwa akuyoyoka, zipatso zikuwonongeka

- Maluwa akugwa osabereka. Nthawi zambiri ndi kutentha. Masana kukapitirira madigiri 32 ndipo usiku osazizira, mungu wa matimati ndi tsabola umafa. Kenako ludzu, kenako yuriya kapena CAN wochuluka, yemwe amakulitsa masamba okhaokha. Thirirani mosadumphitsa, ikani mthunzi wopepuka masana. Kukayamba kuzizirako abereka.
- Kunsi kwa chipatso kwada n'kulowa mkati. Si matenda, musapopere. Mbewu yalephera kukoka kashiamu, chakudya china cha mbewu cha m'dothi, chifukwa dothi likuuma ndi kunyowa mosinthana. Mankhwala ake ndi kuthirira mofanana tsiku lililonse ndi kuphimbira. Thotholani zowonongekazo.
- Mbali imodzi yayera ndi kufewa. Lapsa ndi dzuwa chifukwa mwachotsa masamba ambiri. Podulira mphukira siyani masamba ophimba zipatso.
- Zang'ambika. Madzi ambiri abwera mwadzidzidzi pambuyo pa ludzu. Chizimalupsa chimachita zimenezi chaka chilichonse. Mukaona mitambo yasonkhana, tcholani onse omwe ayamba kusintha mtundu akapsere m'nyumba.

## Mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi

Masamba olimba, owawa, mbewu ikutulutsa maluwa. Nyengo yake yatha. Izi ndi ndiwo za nthawi yozizira, ndipo feteleza sangasinthe zimenezo. Ndimamva chisoni kuona munthu akutunga madzi tsiku lonse kuthirira mpiru womwe waganiza kale zobereka njere, pamene bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, chitambe, kholowa ndi therere zimakondwa ndi kutentha komweku ndipo sizifuna mankhwala ambiri. Siyani mbewu zingapo zabwino zikhwimitse njere za chaka chamawa, zinazo zulani mufese zamakolozi.

Masamba opindika, omata, kunsi kuli tizilombo totuwa tounjikana. Nsabwe. Tsukani ndi madzi a sopo wamba, mutayesa kaye pa mbewu ziwiri kuti muone ngati sakuwotcha. Masamba a nimu kapena a mthuthu amathandiza: sinjani kilogalamu imodzi, viikani m'malita 10 usiku wonse, sefani, poperani madzulo. Mthuthu umapha nsomba, choncho musatsukire ndowa mumtsinje kapena pafupi ndi damu.

Timabowo tambiri, tina totsala ndi kakhungu koonekera. Timbozi tobiriwira tomwe timadzigwetsa pa kaulusi mukatikhudza. Pa kabichi tetezani mtima wake usanatseke. Nato timazolowera mankhwala msanga.

Masamba odyedwa kwambiri kuchokera m'mbali. Anunkhadala. Atoleni m'mamawa akadali ozizira, makamaka akadali ang'onoang'ono atasonkhana pamodzi.

Chikasu chosongoka kuchokera m'mphepete mwa tsamba la kabichi, mitsempha yakuda. Matenda oola, ofala ndi mvula ndi mbewu yodwala. Zulani, ndipo musagwire ntchito m'bedi masamba ali onyowa.

Anyezi yemwe makosi ake agwa akololedwe mvula isanamupeze. Akanyowa m'munda amaola m'nkhokwe. Muyanikeni pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi liume.

## Zonunkhiritsa

Izi sizivuta kwenikweni. Koriyanda akathamangira kuchita maluwa ndi kutentha, fesani pang'onopang'ono pamthunzi masabata awiri aliwonse. Minti ikauma nsonga, isunthireni pamthunzi ndi pachinyezi, muidule pansi iphukenso. Lemon grass wothithikana mugawe mvula ikayamba, ndipo jinja abzalidwenso nthawi yomweyo. Rosemary amaola mizu m'dzinja ngati ali pamalo odikha madzi, ndiye akhale pachulu kapena m'chitini chobowola.

## Mitengo ya zipatso

Mango akugwa. Akadali ang'ono ngati mtedza, mtengo umataya wokha ochuluka omwe sungathe kulera, ndipo palibe cholakwika. Akagwa ali aakulu, dulani limodzi. Mukapeza mphutsi zoyera m'mnofu wofewa, ndi ntchentche za zipatso. Mtundu wovuta kwambiri unachokera ku Asia ndipo unaoneka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003. Mphutsi zimatuluka m'chipatso chogwa, kulowa m'dothi, n'kutulukamo zili ntchentche zatsopano, choncho bango lililonse losiyidwa pansi likulera adani a magwafa ndi malalanje anu. Tolani zogwa kawiri kapena katatu pa sabata. Zimangeni m'thumba lakuda lapulasitiki muliike padzuwa kwa sabata, kapena zikwirireni m'dzenje lopitirira masentimita 50. Ntchitoyi imapindula anthu oyandikana akamachitira limodzi. Ngati mnofu uli bwino koma mkati mwa njere muli kachilombo, ndi nankafumbwe wa mango, ndipo kutola zogwa kumathandizanso. Mawanga akuda pakhungu mvula ikayamba ndi matenda a chinyezi. Mukakolola dulirani nthambi zamkati kuti mphepo izidutsa.

Malalanje, manachesi ndi mandimu akutaya tizipatso. Poyamba ganizani za ludzu. Kumbani beseni lofika pomwe nthambi zathera, thirani ndowa zingapo kamodzi kapena kawiri pa sabata, phimbirani, koma patsinde pakhale pouma. Masamba akuda ngati mwaye ndi nyerere zokwera mtengo zikusonyeza nsabwe kapena tizilombo tomata pa nthambi. Mphukira zaminga zotuluka pansi pa pomezanitsa zidulidwe msanga, apo ayi mtengo ubwerera kukhala ndimu.

Mitengo yongobzala ikufa. Kawirikawiri yabzalidwa ndi mvula yoyamba, kenako kwabwera ng'amba. Panopa kumbani mayenje, masentimita 60 mbali zonse, sakanizani dothi lapamwamba ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola, bwezeranimo. Bzalani mvula ikakhazikika. Pomezanitsa pakhale pamwamba pa dothi, ndipo chotsani pulasitiki yonse ya chubu.

Papaya wachita chikasu n'kugwa. Mizu yaola ndi madzi odikha. Bzalani pamulu. Wamaluwa ambiri pa timapesi tatitali koma osabereka ndi wamwamuna, ndipo mmodzi amakwanira mitengo yaikazi khumi.

Nthochi yopinimbira, masamba opapatiza, oimirira, othithikana pamwamba. Ndi chisaka, matenda omwe anatha nthochi zambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay. Amafala ndi nsabwe zakuda za nthochi komanso ana otengedwa pa phata lodwala. Kudula thunthu lokha sikuthandiza, phata lonse liyenera kuzulidwa, mutayamba mwapha nsabwezo kuti zisasamukire kwina. Musapatse mnzanu mwana wochokera pamenepo ngakhale akuoneka bwino. Dziwitsani mlangizi.

## Mvula yagwa, madzi adikha m'mabedi

Mabedi olowa pansi omwe anakusungirani madzi m'chilimwe ndi omwewo amene amamiza mbewu m'dzinja. Novembala asanathe, bedi lililonse lomwe mwakolola likwezedwe masentimita 15 mpaka 20, ngalande zitsegulidwe, ndipo nazale ya matimati a dzinja ikhale kumtunda, yofoleredwa kuti madontho asamenye mbande. Ngati dimba lanu limasefukira chaka chilichonse, musaikemonso mbewu yotenga miyezi itatu. Chotsani pampu ndi mapaipi m'mphepete mwa mtsinje madzi asanakwere. Mvetserani ulosi wa nyengo womwe a zanyengo amaulutsa pawailesi, chifukwa chizimalupsa chimanyenga ambiri kufesa msanga.

## Siyani, itanani odziwa

Pitani kwa mlangizi wa zaulimi ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA), kapena ku kiliniki ya zomera ngati ilipo kwanuko:

- mbewu zambiri zikafota nthawi imodzi dothi lili lonyowa;
- mukapopera kawiri motsatira malangizo koma osasintha;
- mukaona chisaka, kapena chilombo chomwe simunachionepo;
- musanagule mankhwala omwe simukuwadziwa. Timabotolo topanda chizindikiro togulitsidwa pamsika musatigwire n'komwe. Mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, ndipo pabotolo pamalembedwa muyezo ndi masiku odikira musanakolole. Masiku amenewo asungidwe, chifukwa ndiwo zimenezi akudya ndi ana.

Thamangirani kuchipatala, mutanyamula botolo la mankhwalawo, ngati wopopera akumva chizungulire, akusanza, akutuluka dovu kapena thukuta lambiri, akuona mwachimbuuzi kapena akubanika. Muvuleni zovala, mumusambitse ndi sopo. Musamusanzitse ndipo musadalire mkaka.

Musalowe nokha m'chitsime chakuya kukachikumba madzi akaphwa, makamaka cha mumchenga, chifukwa chimagumuka. Pampu yamagetsi ikamagwira anthu, zimitsani muitane wodziwa zamagetsi. Nthambi za mango kapena mapeyala zoyandikira mawaya musadule, dziwitsani a ESCOM.

Popita kwa mlangizi tengani mbewu yonse ndi mizu yake, imodzi yongoyamba kudwala ndi ina yodwala kwambiri, zokulungidwa m'nyuzipepala osati m'pulasitiki yotseka. Tizilombo tiikeni m'kabotolo. Mukamuuze mtundu wa mbewu, tsiku lomwe munawokera, zomwe zinali pabedipo chaka chatha, feteleza ndi mankhwala omwe mwathira kale ndi muyezo wake. Ngati ali kutali, jambulani tsamba kumwamba ndi kunsi, mizu, ndi bedi lonse, mumutumizire pa WhatsApp.